Kapinga wa pabwalo pathu ku Salima: momwe ntchito ikuyendera

21 Sepitembala

Chaka chatha ndinataya ndalama pa udzu, ndipo lero mutandifunsa tsiku limene ndinafesa kapena kuti ndinkathirira kangati, ndingokanda m'mutu. Ulendo uno chilichonse chizilowa m'kope.

Nyumba yathu ili kunja pang'ono kwa tauni ya Salima, mbali ya msewu wopita ku Senga Bay. Malo amene ndikufuna kukonza ndawayeza m'mawa uno ndi tepi yobwereka: mamita 12 m'litali, 9 m'lifupi, ndiye kuti masikweya mita 108. Titangogula nyumbayi panali kapinga wa eni ake oyamba, wosakongola kwenikweni koma wophimba nthaka. Anafa chaka chomwe tinamanga mpanda. Amisiri anaunjika mchenga ndi njerwa pamwamba pake miyezi inayi, n'kumakandiranso simenti pakati penipeni. Wotsalayo chiswe chinamaliza.

Bwalo ndi limodzi koma malo ake ndi atatu. Pali pakati, pamene dzuwa limawomba kuyambira kutuluka mpaka kulowa. Pali pansi pa mitengo iwiri ya mango chakumpanda, pamthunzi wokhawokha. Ndiye pali kachitsetse kutsogolo kwa khonde, pamene madzi a padenga amagwera, poti malata athu alibe zolandirira madzi.

Agogo, mayi anga ondibereka, atandiona ndi tepi anafunsa ngati ndikumanganso nyumba ina. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, anzako amalipira anthu kuti udzu uchoke. Iwe ukufuna kulipira kuti ubwere?" Kenako ananena mfundo imene sindingaitsutse: pabwalo posesa, njoka ikadutsa usiku m'mawa mumaona mkukuluzi wake, koma mu udzu mumaizindikira mutaiponda. Ndawalonjeza kuti udzuwo uzikhala waufupi, ndiponso kuti kuseri kwa nyumba, kukhitchini kwawo, sindikhudzako.

Inenso ndili nazo zifukwa. Mwera ukayamba fumbi limalowa mpaka m'mbale za m'kabati. Ndipo tsache lomwelo limene agogo amalidalira ladya nthaka: lero kadothi kachoka, mawa kena, mvula n'kudzatenga kotsala, moti pansi pa khonde pakuoneka mizere iwiri ya njerwa za maziko imene kale inali yokwiririka.

28 Sepitembala

Ndilembe kaye za chaka chatha kuti ndisadzabwereze. Ndinagula paketi ya njere za udzu m'sitolo ina ku Lilongwe, yokhala ndi chithunzi cha bwalo lobiriwira ngati la mpira wa pa TV. Ndinafesa mu Meyi, kutayamba kuzizira. Patangotha masiku 6 zinamera, ine n'kujambula kutumizira abale onse pa WhatsApp. Udzu wake wosalala, woonda ngati tsitsi. Pofika pakati pa Okutobala unali utapsa wonse, kuthirira ndikuthirira. Paketi ija ndaipeza m'kabati sabata ino ndipo ndawerenga timalemba ta kuseri kwake: ryegrass ndi fescue. Amenewa ndi maudzu a kumaiko ozizira. Amamera msanga ndithu, koma kutentha kwa kuno kunyanja sangakupirire, ndiponso ryegrass sayanga, amangokula pamene wamera pomwepo, moti pamene pafa pamakhala dazi mpaka kalekale. Wogulitsa sanandinamize. Ine ndi amene sindinamuuze kuti kwathu ndi ku Salima.

Njira zilipo zitatu. Kufesa njere. Kuyala zigamba, ndiye kuti kapinga wodulidwa pamodzi ndi dothi lake n'kudzamuyala ngati mphasa. Yachitatu ndi imene anthu ambiri kuno amachita osaipatsa n'komwe dzina: kukazula timitsitsi kwa mnzako n'kudzawokera m'mizere, monga tidzalira mbatata.

Poyamba ndinkangoyerekeza mitengo. Lachinayi usiku ndinakhala pansi ndi cholembera kuwerengera madzi, ndipo nkhani inatembenuka. Milimita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Nditati ndizipatsa udzu wongodzala kumene mamilimita 5 okha patsiku, amene pamchenga wathuwu nthawi yotentha ndi ongonyambititsa, ndiye kuti malita 540. Zigubu za malita 20 zokwana 27, tsiku ndi tsiku. Njere ndiye zimafuna kunyowetsa kawiri kapena katatu patsiku, chifukwa zimakhala pamwamba penipeni, ndipo kanjere kakangotumphuka n'kuuma kamodzi, kapita basi. Akazi anga anayang'ana pepalalo n'kunena kuti, "Bambo, madzi amenewo ndi a pampopi womwewu? Bilu yake mudzalipira nokha."

Tagwirizana kuti palibe kudzala kanthu mpaka mvula itakhazikika. Miyezi iwiri ikubwerayi ndi yokonza nthaka.

12 Okutobala

Mnzanga wa kuntchito anandilozera kwa bambo wina wachikulire amene wakhala akusamalira maluwa ndi udzu m'malo ogona alendo ku Senga Bay zaka zambiri. Abwera lero panjinga. Ndimati ayamba n'kuyang'ana pabwalo, koma ananditenga kuti tituluke kunja kwa mpanda, kutsata m'mbali mwa msewu mpaka pamjigo.

"Aphunzitsi, taonani apa. Amathirira ndani?"

Chapatali pang'ono ndi mjigowo, pamene ng'ombe ndi ana amaponda tsiku lonse, panali kapinga wotuwa, wooneka ngati wakufa. Madala anakumba ndi kampeni n'kutulutsa kamtsitsi koyera, kolimba ngati waya, kokhala ndi timfundo. Anakathyola n'kundionetsa: m'kati munali mwauwisi. Kapinga amayenda pawiri, anatero, pamwamba ndi pansi pa nthaka. Chilimwe chikafika wapamwambayo amauma, wapansiyo amangogona kudikira mvula. Chimene alimi amamudera m'munda ndi chomwecho chimene munthu wa bwalo amamufunira.

Ndinawafunsa za udzu wa kikuyu, poti mlamu wanga ku Dedza ali naye wokongola ndipo anandilonjeza thumba lathunthu laulere. Anapukusa mutu. Kikuyu kwawo ndi kumapiri a ku Kenya ndi maiko oyandikana nawo, kozizira ndiponso kwa mvula yambiri. Ku Dedza ali ngati kwawo, koma kuno amafuna nthaka yachonde ndi madzi osalekeza. "Chaulere ndi thumba lokhalo, aphunzitsi. Madzi ake mudzagula."

Pansi pa mango anati kapinga ndisayese n'komwe. Sakonda mthunzi, amatalika, kuonda, kenako n'kutha. Pamenepo pafunika LM kapena buffalo. LM ndi uja wa masamba ofewa obiriwira mowala. Zilembo ziwirizo zikuimira Lourenço Marques, dzina lakale la Maputo. Amayanga pamwamba pokha, n'chifukwa chake sapirira kupondedwa kwambiri ndipo safuna kumetedwa mpala. Buffalo ali ndi masamba otambalala okhakhala, amakhala bwino pamchenga ndi pamthunzi, koma amachedwa kufalikira. Madala ali ndi LM kunyumba kwawo, ati andigawira.

Za njere anangoti, "Zimenezo n'za anthu a payipi." Komabe ndikufuna kuyesa kachigawo kakang'ono, ulendo uno ndi njere za kapinga weniweni. Papaketi amalemba kuti Bermuda grass kapena Cynodon dactylon, koma ndi kapinga yemwe uja wa pamjigo, kungoti wapita kusukulu.

Tagawa chonchi: pachitsetse cha pakhonde, masikweya mita 18, zigamba, chifukwa pamenepo chilichonse chosalemera madzi adzachitenga. Pansi pa mango, 20, LM. Kumpanda wa kumadzulo, 10, njere. Pakati ponse, 60, kuwokera.

26 Okutobala

Masabata awiri a khasu. Anyamata awiri aganyu amayamba 5 koloko m'mawa n'kuweruka 9 koloko, chifukwa kupitirira apo dzuwa la mwezi uno munthu ungagwe nalo. Tikutipula kuzama masentimita 20 kapena kuposerapo.

Pamene amisiri ankakandira simenti tapeza chithanthwe chobisika pansi pa kamchenga, kukula kwake ngati zitseko ziwiri. Khasu linkangolira. Tachita kuswa ndi piki, n'kutulutsa mawilibala 7 a zidutswa. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake madzi ankangoima pamenepo, ndipo ngakhale chisoso sichinkamerapo. Ndikanangodzala pamwamba osakumba, bwenzi ndikudzanamizira udzu.

Nthaka yake ndi mchenga wotuwa. Ukaufumbata wonyowa n'kutambasula dzanja, umangomwazika. Ndagula ngolo zitatu za manyowa a ng'ombe kumudzi ndi ziwiri za dothi la pachulu chakale, loti lizigwirako madzi. Manyowa ndinapempha a pansi pa khola, akuda, ozizira ukapisamo dzanja. Ngolo imodzi inabwera ndi aawisi otentha. Amenewo ndawaunjika kuseri kuti awole kaye. Tasakaniza ndi khasu, tasalaza ndi reki, ndipo ndamanga chingwe kuchokera pakhonde mpaka kumpanda kuti nthaka itsetserekere kutali ndi nyumba, madzi asamabwerere kumaziko.

Agogo anaima pakhonde n'kunena kuti manyowa onsewa akanakhala m'munda wa chimanga bwenzi chaka chino tikudzaza nkhokwe. Sindinayankhe.

9 Novembala

Njere za kapinga zafika, kapaketi kakang'ono. N'zazing'ono ngati mchenga wosefa. Ndawerenga 100 ndi nsonga ya singano, maso mpaka kuwawa, ndaziika pansalu yonyowa m'mbale n'kuvundikira. Kuyesa kotere ndinakuona kwa alangizi ndi mbewu ya mtedza.

23 Novembala

Chizimalupsa chinagwa Lachiwiri la sabata yatha usiku, ndipo m'mawa mwake anyamata aganyu anafika okha kuti tidzale. Ndinakana, ngakhale mtima unkafuna. Kuchokera tsiku limenelo sinabwerenso, dzuwa likuswa mtengo.

Koma mvula imeneyo yagwira ntchito ina. Zonse zimene zinabwera ndi manyowa zamera: bonongwe, chisoso, luni, denje. Agogo atchola kale timasamba ta bonongwe, ndipo kwa nthawi yoyamba anena kuti ntchitoyi ili ndi phindu. Zotsalazo tapalira mosazamitsa khasu, kuopa kutukula njere zina za pansi. Chilichonse chimene chafa lero ndi chimene sindidzazula ndi manja pakati pa kapinga mu Januwale.

Pansalu paja zamera 64, zoyamba patsiku la 8. Si zoipa. Ndidzangofesa mothinanitsa pang'ono.

8 Disembala

Sabata ino yagwa katatu, ndipo nditakumba chinyezi chapitirira chikhatho. Dzulo linali tsiku la zigamba.

Zoyala zigamba bwalo lonse ndinazisiya kale, ndipo chinandiletsa ndi kulemera. Sikweya mita imodzi ya chigamba chokhuthala masentimita 5 ndi dothi la makilogalamu 70 kapena kuposa, kulemera kupambana thumba la chimanga. Bwalo lonse ndiye kuti matani ngati 8. Ndiponso dothi limenelo likuchoka pamalo a munthu wina. Kukakumba m'dambo la onse, modyera ng'ombe, ndinakana. Ndaonapo maenje amene anthu amasiya, mvula ikabwera pamasanduka chigwembe. Tinapita kwa bambo wina wa dimba m'mphepete mwa dambo amene akufuna kutsegula malo atsopano. Kwa iye kapinga ndi mdani, ndiye mtengo sitinakanganirane.

Kadulidwe kake ndilembe bwino, chifukwa ndinali ndisanakaonepo. Madala anagoneka thabwa pansi n'kumadula m'mbali mwake ndi chikwanje, masentimita 30 mbali zonse zinayi. Kenako fosholo yonola imalowa chogona pansi pake, pang'onopang'ono, mitsitsi ikumveka kuduka ngati munthu akung'amba nsalu. Chigamba chabwino chimanyamuka chathunthu, ndipo ukachitembenuza pansi pake pali ukonde wa mitsitsi yoyera. Chopyapyala kwambiri chimaswekera m'manja, chokhuthala chimathyola msana. M'ngolo tinasanja udzu kuyang'anizana ndi udzu, dothi ndi dothi, n'kufunditsa masaka onyowa. Zigamba 200, maulendo atatu.

Kuyala tinayambira m'munsi mwa chitsetse kukwera kukhonde, mizere yopingasa njira ya madzi, molumphanitsa mfundo monga mmisiri ayalira njerwa, kuti madzi asapeze kanjira koongoka. M'ming'alu tinathiramo dothi losefa, kenako thabwa pamwamba, ana n'kumadumphapo. Ntchito imeneyi yokha ndi imene sanafunse malipiro. Madala ankagogoda chigamba chilichonse ndi chidendene kumvetsera. Pakatsala mphako pansi, ati, chimauma ngakhale uthirire bwanji. Pamzere pamene madzi a padenga amagwera tayalapo miyala. Tinamaliza ndi mdima, n'kuthirira makeni 20 usiku womwewo.

Lero m'mawa pakhonde pali ngati pahotela. Ndivomere, chigamba chimasangalatsa mtima. Dzulo dothi, lero udzu.

14 Disembala

Dzulo tinakatenganso zigamba 60, koma izi si zoyala. Taziphwasula, kukutumula dothi lonse, n'kupatula timitsitsi totalika ngati chikhatho, kalikonse kokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Mizere yotalikirana masentimita 20, kangalande kozama ngati chala, kugoneka kamtsitsi, kukwirira kusiya nsonga kunja, kuponda. Anthu asanu, tsiku lathunthu, misana yonse ikuwawa. Koma taonani: zigamba 60 zija poyala zikanangophimba masikweya mita 5 ndi kachidutswa. Powokera zakwanira pa masikweya mita 60.

Tisanayambe ndinamwaza feteleza wokulitsa uja wa 23:10:5, makilogalamu 2 pabwalo lonse. Thumba sindinagule. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza si chinthu choti munthu n'kugulira udzu. Ndatapa pa wa kumunda, akazi anga akuona n'kusunga mumtima.

LM wa madala, masaka awiri, tawokera pansi pa mango titasadzako nthambi ziwiri za m'munsi kuti dzuwa la m'mawa lizilowa. Njere, magalamu 100, ndazisakaniza ndi mchenga wouma theka la ndowa kuti zimwazike mofanana, kufesa ulendo woyamba chotere wachiwiri chopingasa, kukanda pang'ono ndi reki, kuponda. Sizifuna kukwirira kwambiri.

Kupatula pakhonde, bwalo pano likuoneka ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha.

21 Disembala

Nyerere zinayamba tsiku lotsatira, mzere wautali, iliyonse itanyamula kanjere kanga. Kenako njiwa ndi mpheta, kenako nkhuku za aneba. Ndinayala neti yakale ya udzudzu pamwamba, mbalame zinaleka, nyerere sizinamve. Lachitatu usiku kunagwa chimvula cha ola limodzi, ndipo m'mawa ndinapeza timakwawa pachigawo chonse cha njere, zambiri zitaunjikana pakona ya mpanda. Zigamba sizinasunthe ngakhale chimodzi. Zowokera zinafukuka zinayi kapena zisanu, ndabwezera ndi chala.

Lero ndakoka chigamba chimodzi kuyesa. Chikukana. Masiku 14, mizu yagwira.

11 Januwale

Ng'amba. Masiku 12 popanda dontho, anthu m'minda nkhope zili zakugwa. Apa ndi pamene njira zitatu zija zaonetsa khalidwe lake.

Njere zimene zinapulumuka zinali zitamera, titsitsi tobiriwira totalika ngati chikhadabo. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo. Ndiye kunagwa maliro ku Nkhotakota, tinachoka Lolemba n'kubwera Lachitatu, ndipo mwana amene ndinamusiyira keni anaiwala. Masiku awiri okha, theka lapsa. Sindinamukalipire. Ntchito imene imafa munthu akapita kumaliro si yoyenera moyo wa kuno.

Zigamba zinayamba kufiira m'mphepete ndi kukhwinyata, ming'alu n'kutseguka. Dothi lake ndi la kudambo, likauma limaphanyika. Ndathiramonso dothi ndipo ndikuthirira tsiku lililonse lachiwiri. Chimodzi cha pakona chinaumiratu. Nditachitukula pansi pake panali chiswe chitamanga kale timisewu take. Chiswe chimatsata zouma, ndiye ndachotsa chigambacho ndi zinyalala zonse.

Zowokera ndi zimene zandidabwitsa. Masana zimafota n'kutuwa, koma m'mawa zimadzuka, ndipo zina zayanga kale kuposa chikhatho. Ndangozithirira kawiri pa masiku 12 onsewa, ndi madzi otsukuluzira zovala. Madala anandiuza kuti kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse kumaphunzitsa mizu ulesi, imangokhala pamwamba. Bola kuthira ambiri kamodzi kuti iwatsate pansi. LM ali phee pamthunzi pake, sakudziwa n'komwe kuti kunja kuli ng'amba.

25 Januwale

Mvula yabwerera, ndipo yabwera ndi mlendo. Pazigamba ponse patuluka timasamba towala, toongoka, tokula msanga kuposa kapinga. Ndinazula kamodzi n'kugubuduza tsinde lake pakati pa zala: la ngodya zitatu. Dawe.

Amene analimapo m'dimba akumudziwa. Ukazula masamba wangomumeta, chifukwa pansi amasiya timbatata take tolumikizana ndi timaulusi, ndipo kalikonse kamaphukanso. Njira yake ndi mpeni: kubaya mozama, kutsata ulusi, kutulutsa kambatata. Madzulo aliwonse ndikaweruka ndimagwada pamenepo theka la ola. Dzulo ndinadzaza chitini cha mkaka.

Chimene chandipweteka n'chakuti pakati, pamene tinawokera, dawe palibe, kupatula awiri atatu. Kapinga ndi yemweyo, wochokera m'dimba lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu tinamukutumula dothi. Madala atabwera kudzaona anaseka. "Chigamba chili ngati ukwati, aphunzitsi. Mumatenga ndi abale ake omwe." Ndinawafunsa chifukwa chake sananene tsiku lodula lija. Ati ananena kuti tisankhe malo okwera, koma ine ndinakonda pamene panali pobiriwira kwambiri. N'zoona, ndikukumbukira.

8 Febuluwale

Cholakwa changa china. Ndinafuna kuthandizira ndi Urea, kilogalamu imodzi pabwalo lonse, muyeso wosaipa. Koma ndinamwaza ndi manja m'mawa, mame akadali pamasamba, podalira mitambo imene inali chakunyanja. Mvulayo inakagwa kwina. Urea ndi wamphamvu, 46 peresenti yake ndi nayitrojeni, ndipo timibulu timene tinakakamira pamasamba onyowa tinawotcha. Patatha masiku awiri bwalo linali mawangamawanga achikasu, makamaka pamene dzanja linkayambira kuponya. Ndinathira madzi ambiri, pano akuchira. Ulendo wina ndidzamwaza masamba ali ouma, keni ili pambali.

Kutchetcha koyamba tachita lero, ndi chikwakwa chonola bwino, poti chobuntha chimazula m'malo modula. Lamulo la madala ndi lakuti usachotse kupitirira gawo limodzi mwa atatu a msinkhu wa udzu pa ulendo umodzi. Kapinga tamusiya pa masentimita ngati 4, LM tangomupsepsa pamwamba. Ndinkamva chisoni kudula udzu umene ndauvutikira, koma ati ukaudula kumutu ndi pamene umathamangira m'mbali.

1 Malichi

Pakati patsekana. Masabata 11 chiwokerereni, dothi silikuonekanso, kupatula pamene panali simenti paja, pamene pakutsalira pang'ono.

Mbuzi za aneba zinalowa Lamlungu tili kutchalitchi. Kapinga zinangomumeta bwinobwino, koma LM zinamuzula ndi mitsitsi yomwe, malo okwana mphasa imodzi. Ndawokeranso, ndipo geti ndaikira waya.

Vuto latsopano ndi lakuti kapinga sadziwa malire. Walowa m'kabedi ka agogo ka tsabola ndi mpiru, kudzera pansi. "Ndinanena ine," basi mawu awo ndi omwewo. Ndakumba kangalande n'kuimika njerwa chozika, masentimita 20 pansi. Sizimuletseratu, koma zimuchedwetsa kuti khasu lizimupeza.

12 Epulo

Mvula ikutsazika, ndiye ndiwerengere.

Zigamba zadya ndalama zambiri kuposa zonse, ngakhale malo ake ndi masikweya mita 18 okha: kugula, kudula, ngolo, madzi a mu Januwale, ndi mawondo anga pa dawe, amene mpaka pano sanathe. Komabe pachitsetse paja sindikanachitira mwina. Dzinja lonse madzi a padenga agwera pamenepo ndipo dothi silinachoke ngakhale la m'supuni. Nditati ndiyambirenso, ndingayale zigamba pomwepo, kungoti ndingakadule pamalo okwera, ouma, ndi kuyang'ana kaye masamba a ngodya zitatu.

Njere zinali zotchipa kugula, koma pa masikweya mita 10 aja mwina anayi ndi amene ali ndi udzu. Udzu wake ndi wabwino, wosalala kuposa wa kudimba, ndipo sindikuunyoza. Munthu wokhala ndi thanki, payipi ndi wina wosachoka pakhomo angathe. Koma njere zimafuna chinyezi chosaduka kwa masabata angapo ndi mvula yofatsa, pamene mvula ya kuno imabwera mwaukali n'kusowa. Chilimwe nyerere ndi dzuwa, dzinja madzi okokolola. Sindikuona mwezi umene ndikanafesa osavutika.

Kuwokera kunali konyansa miyezi iwiri, alendo ankafunsa ngati ndadzala anyezi. Lero ndi pamene pali pothithikana kwambiri, ana akusewerapo mpira wachikulunga madzulo aliwonse. LM akufalikira mwaulemu. Ana ndawaletsa kuthamangira pansi pa mango, ndipo masamba ogwa timachotsa ndi manja kapena tsache lofewa chifukwa reki imamukoka.

14 Juni

Mwera wayamba sabata yatha. Kumsewu fumbi likuuluka ngati kale, koma akazi anga akuti kupukuta mbale m'kabati kwachepa. Za feteleza uja sanaiwale.

Kapinga wayamba kutuwa ndipo wasiya kukula. Mwezi uno tatchetcha kamodzi. Ndaganiza zomusiya agone. Pakati sindithirira chilimwe chino, kupatula madzi ochapira pamene apezeka. Mu Okutobala padzaoneka ngati pamjigo paja, ndipo ndawachenjezeratu a m'nyumba kuti asadzanene kuti wafa. Madzi a keni azipita kwa LM kawiri pa sabata ndi kuzigamba za pakhonde kamodzi. Choopsa ndi chiswe, ndiye zotchetcha zonse tizichotsa tsiku lomwelo.

Agogo dzulo anayala mphasa pansi pa mango n'kumasenda mtedza, pa LM penipeni. Ndinafuna kuwauza kuti udzu umenewo sufuna kukhaliridwa, koma ndinangowapempha kuti makoko asasiye pansi. Asanakhale anayamba amenyamenya udzuwo ndi ndodo.

Zotsala: kupempha mmisiri adzaone zolandirira madzi a padenga mvula isanayambe, kupitiriza ndi dawe, ndi masikweya mita 6 a dazi kumpanda wa kumadzulo. Amenewo ndidzawokera mu Disembala ndi timitsitsi ta pakati pano, osagulanso kanthu. Aneba a mbuzi aja nawo apempha masaka awiri, ndawauza kuti ayambe akonza khola.